Kulira Shepperson Tili ku Fort Manning

Pamsonkhano wathu wa alembi wa mwezi wa Januwale, sabata yomwe ija tinali ndi tchuthi cha Chilembwe, mnzathu wina anatiwerengera ndakatulo yolira Pulofesa George Shepperson, amene anamwalira pa 2 Epulo 2020 ali ndi zaka 98. Inu amene munalipo mukukumbukira m'mene zinathera. Mlembi atangokhala pansi, mbale wina wa kumbuyo kuja anaimirira nafunsa kuti kodi ife tayamba liti kulira maliro a asilikali a atsamunda. Munthu amene anavala yunifolomu ya mfumu ya ku Mangalande nalamula agogo athu m'nkhalango za ku Burma, ati, ali nawo omulira kwao. Pamenepo chipinda chinagawikana pawiri, ndipo wapampando anavutika kutikhazika chete. Koma wina atafunsa kuti ndani mwa ife anawerengapo buku la malemuyo, Independent African, kuyambira pachikuto mpaka kumapeto, manja amene anakwera anali awiri okha, ndipo limodzi linatsika msanga. Langa silinakwere n'komwe.

Manyazi a tsiku limenelo ndiwo anandichititsa kubwereka bukulo ndi kupita nalo kwathu ku Mchinji patchuthi. Ndi buku lolemera, la masamba oposa 500, kotero kuti amayi ataliona anafunsa ngati ndayamba za ubusa. Ndaliwerenga tsopano, ndipo ndabwera kudzanena kuti onse awiri, wolemba ndakatulo ndi womutsutsa uja, anaphonya, ngakhale kuti womutsutsayo anaphonya pafupi.

Ndiyambe ndi ndakatuloyo, poti ndiyo inautsa mapiri pachigwa. Mawu ake ndi osalala, ndipo mlembi wake ali nalo khutu. Mizere yake imagwa bwino pakamwa. Koma m'ndime zake zonse mulibe chinthu ngakhale chimodzi chimene Shepperson anachita. Muli mkuyu umene wagwa, muli nyenyezi imene yazima, muli chitsime chimene chaphwa. Mutachotsa dzina lake n'kuikapo la bishopu, la phungu wa Nyumba ya Malamulo, kapena la mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kwanu, palibe mzere umene ungadandaule. Iyi ndi nthenda yathu yakale pamaliro ndi papepala pomwe: timayesa kuti talemekeza wakufa pamene tamufunditsa nsalu imene tinafunditsa kale akufa ena khumi.

Nanga munthuyu anali yani? Anabadwa pa 7 Januwale 1922 ku Peterborough, naphunzira ku St John's College ku Cambridge. Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse inamudula maphunziro, ndipo mu 1943 anatumizidwa ku gulu la King's African Rifles, lija akuluakulu amangoti K.A.R. Anali ndi zaka 21, msinkhu wathu womwewu, pamene anamupatsa amuna a ku Nyasaland kuti aziwalamula. Anapita nawo mpaka ku Burma, kumene mu 1944 asilikali a kum'mawa ndi pakati pa Afirika anatsika chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, akuthamangitsa Ajapani kulinga ku mtsinje wa Chindwin. Chinali chigwa cha matope ndi malungo, ndipo pankhondo ya ku Burma matenda anagwetsa anthu ambiri koposa zipolopolo. Pakati pa amuna amenewa ndi pamene anaphunzira Chinyanja. Izi pazokha si zodabwitsa, pakuti m'magulu a ku Nyasaland Chinyanja ndicho chinali chilankhulo cholamulira, ndipo ofesala aliyense anayenera kuchidziwako. Ambiri anachisiya padoko tsiku lokwera sitima yobwerera kwao. Iye anapita nacho.

Kuyambira 1948 anaphunzitsa mbiri pa Yunivesite ya Edinburgh, nakhala pulofesa mu 1963, napuma mu 1986. Zaka zoyamba zija Julius Nyerere anali mwana wa sukulu pomwepo, kuyambira 1949 mpaka 1952. Mu 1965, pamsonkhano wa akatswiri a mbiri ku Dar es Salaam, anawerenga pepala limene linafalitsa mawu akuti African diaspora, kunena ana a Afirika obalalika m'maiko a kutsidya kwa nyanja. Zonsezi ndi zazikulu, koma kwa ife dzina lake lili pa buku limodzi.

Independent African linatuluka mu 1958, chaka chimene Dr. Kamuzu Banda anabwerera kumudzi, kutatsala miyezi yowerengeka kuti boma la atsamunda liyambe kugwira anthu pa 3 Malichi 1959. Analemba pamodzi ndi Thomas Price, katswiri wa Chinyanja amene anakhalapo ku Nyasaland ndipo panthawiyo ankaphunzitsa ku Glasgow. Ndakatulo ija sinamutchule Price, ndipo ifenso timamuiwala kawirikawiri, ngati kuti denga limeneli linasenzedwa ndi mutu umodzi. Kufikira nthawi imeneyo John Chilembwe wa m'zolemba za Azungu anali munthu wophunzira mwatheka, wozunguzika mutu ndi Baibulo, amene anthu ake anadula mutu wa William Jervis Livingstone ku Magomero usiku wa pa 23 Januwale 1915, nkhani n'kuthera pomwepo. Lipoti la boma la 1916 linavomereza kuti pa esiteti ya A.L. Bruce panali nkhanza, koma mlandu waukulu linaukankhira ku maphunziro ndi ku mipingo yopanda Mzungu woiyang'anira.

Chimene chinandigwira mtima poyamba ndi m'mene awiriwa anagwirira ntchito popanda zipangizo. Maofesi a boma ku Zomba anapsa mu 1919 pamodzi ndi makalata ake, ndipo mafaelo a ku London a zaka za nkhondo anali asanatsegulidwe. Umboni umene anthu anapereka kwa ofufuza a boma mu 1915 unadzasindikizidwa mu 2015, John McCracken atausonkhanitsa. Tsono iwo anachita ngati mayi wokunkha m'munda umene eni ake anakolola kale: apa kachidutswa ka m'magazini a mishoni, apo kalata ya Chilembwe m'nyuzi ya mpingo wa Baptist wa anthu akuda ku Amereka, uko zokumbukira za Emily, mwana wa Joseph Booth. Pazokunkhazo anadzaza nkhokwe. Chilembwe amene amatuluka m'bukuli ndi munthu wathunthu ndiponso wa dziko lalikulu: mnyamata amene anayamba ntchito kwa Booth mu 1892, napita naye ku Amereka mu 1897, naphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia pakati pa anthu amene ukapolo anali kuukumbukira ndi matupi awo, nabwerera mu 1900 kudzamanga Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ndi sukulu zake, ndi tchalitchi chake cha njerwa. Timaona Landon Cheek ndi Emma DeLany, amishoni akuda a ku Amereka, akugwira naye ntchito ku Chiradzulu. Timaona Elliot Kamwana akubatiza anthu zikwizikwi ku Utonga, ndi Charles Domingo akulemba makalata ake owawa. Pajatu mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Alendo awiriwa anaona kuti nkhani imene boma linaiyesa ya kamudzi kamodzi inali ndi mizu yofika ku Virginia.

Zolakwika zilimo, ndipo sindizibisa. Booth wadya malo ambiri. Owerenga wopupuluma adzatopa ndi maulendo ake ndi mikangano yake ndi mipingo, pakuti Chilembwe amachedwa kulowa m'buku lake lomwe, ngati mkwati wofika anthu atayamba kale kudya. Chifukwa chake n'chodziwika: wolemba mbiri wodalira mapepala amatsata kumene mapepala achuluka, ndipo Booth anasiya mapepala paliponse pamene anaponda. Alomwe amene ankagwira thangata pa esiteti, amene ndiwo ananyamula mikondo usiku uja, amaoneka patali ngati anthu a tsidya lina la dambo. Anadzawayandikira ndi Landeg White mu Magomero mu 1987, yemwe uja anali mmodzi wa oyambitsa msonkhano wa alembi pa Chancellor College mu 1970. Jane ndi Ian Linden nawo anatsutsa mu 1971 kuti bukuli linachepetsa chiyembekezo cha kutha kwa dziko chimene chinali m'mitima ya anthu a ku Mbombwe. Koma onsewa anatsutsa ataima pamaziko amene Shepperson ndi Price anakumba, ndipo chimodzi chimene sanganene n'chakuti awiriwa ananamiza munthu. Pamene sanapeze umboni, analemba kuti mwina, ndipo "mwina" ameneyu ali ponseponse m'bukuli. Ife amene timalemba mayeso ngati kuti tinalipo pamene Chilembwe ankapemphera, tingaphunzirepo kanthu.

Tsopano ndifike pa mbale wathu wa kumbuyo uja. Iye akuti yunifolomu ikumuletsa kulira. Ine ndikuti popanda yunifolomu imeneyo buku ili silikanakhala m'mene lilili, pakuti pamene limapsa kwenikweni ndi pankhani ya nkhondo. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, panyanja yathu yomweyi. Pa 9 Seputembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo ambiri mwa akufa a mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Mu Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times, imene boma linailetsa kufalitsidwa. Mfundo yake inali yakuti panthawi ya mtendere munthu wakuda sawerengedwa, koma nkhondo ikabuka amaitanidwa kukakhetsa mwazi pamlandu umene saudziwa. Kuti apite eni chuma ndi eni maudindo, osati amphawi amene akafa amangosiya amasiye ovutika ndi msonkho. Olemba athuwa akuonetsa kuti dandaulo limeneli silinayambe mu 1914, koma kuti Chilembwe anali atawawidwa kale mtima pamene asilikali a kuno anatumizidwa kukamenya Aashanti ku Gold Coast mu 1900 ndi Asomali zaka zotsatira. Katswiri wina wa pampando wofewa akanaiona kalatayi ngati pepala limodzi mwa ambiri. Shepperson anaiwerenga ngati munthu amene iye mwini anatsogolerapo amuna otere kunkhondo ya eni, kutali ndi kwao. Zaka zisanu ndi ziwiri bukuli lisanatuluke, mu 1951, anali atasindikiza kale nkhani yaifupi m'magazini a Phylon, aja anayambitsa W.E.B. Du Bois ku Atlanta, ndipo mutu wake unali wa maliro a kopolo wina dzina lake Amidu. Ofesala amene pobwera kunkhondo ayamba ndi kulemba za maliro a msilikali wake, osati za ukatswiri wake, si wofanana ndi anzake.

Komatu ndinati mbale wathuyo anaphonya pafupi, ndipo kuti ndifotokoze ndiyenera kukutengerani kwathu.

Boma la Mchinji, monga ambiri mukudziwa, linkatchedwa Fort Manning kufikira titalandira ufulu, monganso Chipata, makilomita ngati 30 tsidya lija la malire, ankatchedwa Fort Jameson. William Henry Manning anali ofesala wochokera ku gulu la nkhondo la ku India amene anafika kuno mu 1893. Ndiye anali mmodzi wa omanga gulu la asilikali akuda la dziko lino, ndipo pamene magulu a kuno ndi a kum'mawa kwa Afirika anaphatikizidwa mu 1902 kukhala K.A.R., woyang'anira wamkulu woyamba anali iye. Ndiye anatsogolera nkhondo ya ku Somaliland pamene asilikali a kuno anaphedwa mochuluka ku Gumburu mu Epulo 1903, nkhondo yomwe ija inamuwawa Chilembwe. Pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland kufikira 1913, napita ku Jamaica, namalizira ku Ceylon. Kunena mwachidule, gulu limene Shepperson analowa mu 1943 linali ndi tate wake, ndipo dzina la tateyo linali pachikwangwani cha boma la kwathu zaka zoposa 60.

Dzinalo silinabwere mwamtendere. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera mbali ino ya malire, otsogozedwa ndi Kaputeni Brake ndi Manning mwini wake, analowa m'dziko la Angoni a Mpezeni. Chifukwa chimene ananena chinali chopulumutsa Azungu a kampani ya North Charterland, amene ankafuna golide kumeneko podalira chikalata cha Carl Wiese. Anali ndi mizinga ndi mfuti za chiwaya; Angoni anali ndi zishango ndi mikondo. M'masiku owerengeka zinatha. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, Nsingo mwana wa Mpezeni anagwidwa nawomberedwa mu Febuluwale, ndipo Mpezeni, nkhalamba, anadzipereka nasungidwa ku Fort Manning ngati wandende. Anamwalira mu 1900. Mwambo wa Ncwala unaima kufikira 1980.

Funso langa ndi ili: ndani anagwira mfutizo? Azungu anali owerengeka. Panali Amwenye achi Sikh, inde, koma unyinji unali wa anthu akuda a dziko lino, Ayao ndi Atonga ndi ena. Momwemonso mu 1915: amene anatumizidwa kuchokera ku Zomba kukazinga Mbombwe anali asilikali akuda, ndipo amene anawombera Chilembwe pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje anali apolisi akuda. Mu Independent African anthu amenewa amadutsa ngati gulu. Timamva kuti anafika, anawombera, anabwerera. Sitimva kuti m'mitima mwawo munali chiyani pamene ankaloza mfuti kwa mbusa amene miyezi iwiri yapitayo analemba kalata yowadandaulira iwo omwe. Apa ndi pamene ndikuti buku la msilikali lasiya msilikali panja.

Si Shepperson yekha. Ife tomwe sitidziwa pomuika msilikali wa K.A.R. Mbiri imene tinaphunzira ku sekondale ili ndi mipando iwiri, wa ngwazi ndi wa mtsamunda, ndipo iye sakwana pa uliwonse. Mwezi wa Novembala timavala maluwa ofiira ndi kuika nkhata pachipilala cha ku Zomba; mwezi wa Januwale timatamanda munthu amene anati nkhondo imeneyo sinali yathu; ndipo palibe amene amaona chovuta. Ku Mchinji n'kovuta kusaona. Kuchimuna kwathu ndife Angoni, ndipo kumeneko chaka cha 1898 ndi chaka cha ng'ombe zolandidwa ndi cha Nsingo. Kuchikazi ndife Achewa a kwa Mkanda, amene Angoni a Mpezeni anawagonjetsa kale, ndipo kumeneko akuluakulu amakamba nthawi yomweyo ngati nthawi imene anthu anatsika m'mapiri nayambanso kulima padambo mopanda mantha. Onse akunena zoona. Ndipo patangopita mbadwo umodzi, ana a mbali zonse ziwiri, msonkho wa nyumba uli pakhosi, analowa gulu lomwelo la Manning kapena anasenza katundu wake. Ngakhale mganda umene timavina m'chigawo chapakati muno, ndi mizere yake yowongoka, ndi malipenga ake a zikho, ndi maudindo ake onga a kunkhondo, ndi perete wa asilikali amene tinamusandutsa gule.

Bambo wa agogo anga aamuna anali ku Burma. Sindikuti anali m'gulu la Shepperson, pakuti amuna a ku Nyasaland amene analowa usilikali pankhondo imeneyo anaposa 25,000. Anamwalira ine ndisanabadwe. Chimene anasiya ndi chitini cha tiyi, ndipo m'katimo muli mamendulo awiri ndi kabuku ka malipiro kodyedwa ndi njenjete. Ndikuwerenga Independent African pakhonde, chitinicho chinali m'nyumba kumbuyo kwanga, ndipo tsamba lililonse limene ndinatembenuza ndinkayembekeza kuti munthu ngati ameneyu alankhulamo. Sanalankhule.

Chondipweteka n'chakuti Shepperson anali kulidziwa dzenje limeneli. Mu 1956 H. Moyse-Bartlett anatulutsa buku lalikulu la mbiri ya K.A.R., lodzaza ndi maina a maofesala ndi mayendedwe a magulu. Poliunika m'magazini a Rhodes-Livingstone, Shepperson anakumbutsa anzake kuti mbiri ya nkhondo ya kuno siyenera kuthera pamenepo, koma ifufuze chimene usilikali unachita pamoyo wa anthu. Anaona njira, naisonyeza. Koma buku la msilikali wakuda iye sanalilembe. Anali ndi chilankhulo, anali atagona nawo m'matope amodzi, anakhala ndi moyo zaka 75 nkhondo itatha, ndipo anatisiyira timapepala tobalalika m'magazini, tina ta nyimbo zawo, tina ta zokumbukira zake. Pamaliro sitinena za ngongole, koma pano si pasiwa, ndipo ine ndikuiwerenga ngati ngongole.

Amene anayamba kuibweza ndi Melvin Page, Mmereka amene anaphunzitsa mbiri pa Chancellor College kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Iye pamodzi ndi ana a sukulu anayenda m'midzi ndi makina ojambulira mawu, nafunsa nkhalamba zimene zinaona nkhondo ya 1914 mpaka 1918. M'menemo munatuluka The Chiwaya War mu 2000, ndipo mawu a nkhalambazo anasindikizidwa paokha mu 2021. Dzina lakuti Nkhondo ya Chiwaya ndi la eni ake, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo osapuma. Lero mwana akamva chiwaya amaganiza za tchipisi pamsika. Pankhondo imeneyo dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, amene anasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu kupita kumpoto ndi kutsidya kwa nyanja, ambiri nafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. M'buku la Page munthu amamva mawu amene ndinkawafuna aja: wina analowa chifukwa cha ndalama, wina anagwidwa usiku ndi anthu a mfumu, wina anathawira kuthengo. Ngati zolemba, buku la Page silifika pa Independent African. Lilibe mpweya wautali uja. Koma lili ndi chimene linzakelo lilibe. Ndipo taonani bwino, anzanga: amene ananyamula makinawo, nakhala pamphasa, nafunsa mafunso m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, anali ana a sukulu ngati ife. Akanadikira zaka khumi akanapeza manda okhaokha, monga m'mene ife tikupezera manda a anthu a ku Burma lero.

Pali chinanso chimene sindingachidumphe m'magazini amene amalola Chichewa. Buku limene linabwezera Chilembwe kwa eni ake lili m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chake si cha Fomu 2. A Kachere analisindikizanso mu 2000, tiwathokoze, koma chilankhulo n'chomwecho. Nkhope ya Chilembwe ili pa K500 ndi pa K2000, ndipo amayi ogulitsa mtedza pachipata cha Mwami amaigwira kangapo patsiku, koma zimene analemba mu Novembala 1914 sanazimvepo m'chilankhulo chawo. Uwu si mlandu wa Shepperson. Iye anaphunzira chathu. Ife ndife amene tikukhala pa chake ngati nkhuku yofungatira mazira a mwala.

Tsono kwa mlembi wa ndakatulo ija ndikuti: musaitaye, koma gwetsani mkuyuwo, zimitsani nyenyeziyo. Ikanimo mnyamata wa zaka 22 atakhala m'dzenje lodzaza madzi ku Kabaw, akufunsa kopolo wake tanthauzo la mawu a nyimbo. Ikanimo mphunzitsi ku Edinburgh akulembera kalata mwana wa Booth kufunsa za munthu amene boma linati aiwalike. Ndipo ngati muli nacho chifuwa, ikanimonso buku lija sanalembe. Munthu amene anatha moyo wake akukana kunena chinthu chopanda umboni sangakondwe ndi kutamandidwa ndi mawu opanda kanthu. Kwa mbale wathu wa kumbuyo ndikuti: bukulo ndalibweza ku laibulale. Yambani ndi mutu wonena za nkhondo ya 1914, ndipo mukamaliza mudzatiuze ngati yunifolomu ikukuletsanibe. Mukadzati inde, ndidzakumverani, poti pamenepo mudzakhala mukutsutsana ndi munthu, osati ndi chovala.

Tchuthi chisanathe ndinapalasa njinga kupita kwa mlongo wawo wa agogo anga, amene anali ndi zaka 9 pamene bambo awo anabwerera mu 1946. Ndinatenga chitini chija. Ataona mamendulowo anawagwira nthawi yaitali osanena kanthu.

"Agogo," ndinatero, "kodi abambo anu ankakamba zotani za ku Burma?"

"Iwe mwana, ankakamba ndi yani? Ife tinali ana, ndipo amuna anzawo ankangofuna kuona jasi."

"Palibe chimene mukukumbukira?"

Anaganiza, kenaka anati zilipo ziwiri. Choyamba, kuyambira tsiku limene anafika mpaka tsiku limene anamwalira, sanalawenso mpunga, ngakhale pa Khirisimasi. Chachiwiri, mvula ikagwa usiku wonse osakata, ankadzuka, navala jasi lija, nakhala pakhonde mpaka mbandakucha, ndipo amayi awo ankauza ana kuti asawalankhule.

Ndinalemba zimenezi kumbuyo kwa kope langa la mbiri. Sizinadzaze ngakhale theka la tsamba.